Kachulu ka Mafotoni

Pulofesa Imboden anali atatsegula kale cholembera chake cha inki yobiriwira pamene Noémie Vuillet ananena kuti kachulu kaja ka pa chithunzi cha zotsatira zathu n'kabodza.

Kalata inali patebulo, ikungodikira siginecha. Inali yoyamikira ntchito ya Noémie, yopita ku yunivesite ina ya ku Lyon komwe ankafuna ntchito. Kontrakiti yake pa labotale pathu inkatha mwezi womwewo, ndipo a ku Lyon anali atanenetsa kuti kalata ikapanda kufika pokwana faifi koloko tsiku limenelo, malowo apatsa wina.

Ife a fizikisi ndife anthu oseketsa. Tinakumba ngalande yozungulira pansi pa minda ya eni ake kuno kufupi ndi Geneva, n'kumawombanitsamo tizinthu tosaoneka ndi maso. Kenako timatha zaka tikuwerenga mafotoni, timadontho ta kuwala tomwe timathetheka pa kuwombanako. Mafotoni amphamvuwo amagwera m'makristalo, timiyala toonekera ngati galasi, ndipo makristalowo ndiwo amatiuza mphamvu yake. Pa chithunzi cha zotsatira pakangotumphuka kachulu, mitima imakhala m'malere, poti mwina tapeza chinthu chatsopano m'chilengedwe. Botolo la shampeni wokondwerera timagula tisanatsimikize. Wina akalakwitsa, timasekana zikundu ngati anyani.

Botolo la Imboden linali kale pamwamba pa kabati. Mkuluyu ankapuma ntchito mu Juni, atatha zaka makumi anayi osatulukira kanthu, ndipo kachulu kameneka ankakasamala ngati mwana wa muukalamba. Ena amati anali atakapatsa kale dzina.

"Kabodza bwanji?" anafunsa.

"Makristalo makumi anayi a kumapeto kwa makina akukokomeza, a Pulofesa. Manambala oyesera mphamvu analembedwa mosinthanitsa. Nditakonza, kachulu kasowa."

Anamutembenuzira kompyuta. Mzere unali see ngati bwalo la mpira. Imboden anauyang'ana nthawi yaitali, ndipo zinamupweteka kwambiri.

"Analemba ndani?"

Noémie anangoti zyoli. M'khwapa mwake munali buku la chikuto chakuda lolembamo zoyesera, atalipana ngati wina akufuna kumulanda.

"Zilibe ntchito, a Pulofesa. Chachikulu n'chakuti tagwira tisanalengeze kwa anthu."

Nkhope imeneyo Imboden ankaidziwa. Anali atayesa mayeso ophunzira kwa zaka makumi atatu, ndipo wolakwa ankamuzindikira asanatsegule pakamwa. Komanso ndani ankayang'anira makristalo a kumapetowo zaka zitatu zonsezi? Noémie yemweyu. Makutu a mayiyo anali atafiira.

"Iwe Noémie, ndakufunsa dzina."

"Sindinganene."

"Sunganene kapena sukufuna?"

"Zonse ziwiri, a Pulofesa."

Apa mkuluyu anayamba ulaliki wake uja, womwe tonse a m'chipinda chodyera tinauloweza kalekale. M'nthawi yawo, anatero, ankayesa kristalo iliyonse ndi manja, zala zitauma ndi kuzizira, n'kulemba m'buku, n'kusayina pansi pake. Ana a masiku ano amangodinadina mabatani, zikavuta n'kunamizira kompyuta.

"Ukuona cholemberachi? Anthu amandiseka nacho. Koma ine ndimalemba ndi inki iyi kuti aliyense adziwe kuti ndi Imboden, sindibisala kumbuyo kwa munthu. Wolemba manambala mosinthanitsa si wasayansi ameneyo. Apite akagulitse tchizi kumsika, ngakhale kumenekonso amubweza sabata isanathe!"

Anatseka cholembera chija, kuti khethe, n'kuchiika pambali pa kalata.

"Sindingayamikire munthu wobisa cholakwa. Ukanena dzina, ndisayina."

Wotchi ya pakhoma inali pa folo koloko ndi mphindi makumi awiri. Noémie anaiyang'ana, nayang'ana kalata. Ku Lyon kunali mwamuna wake ndi mwana wawo wa zaka ziwiri, ndipo kwa zaka zitatu moyo wake unali wa m'sitima ya Lachisanu ndi ya Lolemba. Zonsezi Imboden ankazidziwa, ndipo anadabwa kuti manyazi okha angamuchititse munthu kutaya bomwetamweta chonchi.

"Phwando lotsanzikana nanu layandikira," anatero Noémie chapansipansi. "Sindikufuna kuti anthu azikanong'onezana za nkhaniyi kumeneko. Tingolemba kuti takonza, basi."

"Phwando langa likukhudzana bwanji ndi ulesi wako? Bwera nalo kuno bukulo."

"A Pulofesa, chonde."

"Bwera nalo!"

Imboden anachita kulitsomphola yekha. Anavala magalasi mwachifatse, ngati woweruza amene chigamulo chili kale m'thumba. Mumtima anali atakonza zoti amukhululukira ndithu, koma atamuumitsa kaye pakamwa mpaka mphindi zomaliza, kuti aphunzire. Tsamba lake silinavute kupeza, poti Noémie anali ataikapo kapepala.

Manambala makumi anayi aja analipo, mzere wakumanja uli kumanzere, wakumanzere uli kumanja. Zolemba zake zinali zaukhondo, zodzidalira, pansi pake patajambulidwa mizere iwiri yotsimikiza. Deti la pamwamba linali la chaka chimene Noémie anali akadali ku pulayimale, ndipo tsamba lonse, mpaka siginecha, linali la inki yobiriwira.

Imboden anakoka kalata ija n'kutsegula cholembera. "Noémie," anatero osadzutsa mutu, "kumsika wa tchizi kuja, kodi amalemba ntchito nkhalamba?"