Chala pa Khosi la Chilombo

Mvula itayamba kutangoda, aphunzitsi a zojambula anakumbukira kuti asiya zenera la kalasi lili pululu. Anabwererako ndi tochi.

Masana anali ataphunzitsa ana kujambula zilombo zamiyala zokhala m'mphepete mwa madenga a matchalitchi akale. "Si zongoopsezera anthu," anawauza. "Ntchito yake n'kulavulira madzi a mvula kutali ndi khoma, ndiye yambani ndi kukamwa." Malemu amuna awo ankaphunzitsa choncho m'kalasi lomwelo, akutikita makala papepala ndi chala chawo chachipsera.

Atalowa m'kalasimo, anapeza mapepala onse ali ouma, kupatula limodzi la patebulo lakale la malemuwo. Chilombo cha pamenepo panalibe mwana amene akanachijambula. Madzi ankadontha kuchokera m'kamwa mwake mpaka pansi. Pakhosi pake panadindika chala, chipsera chija chikuoneka bwinobwino. Atakhudza, makalawo anali ofunda.

"Bambo," anatero chapansipansi, "zaka zonsezi, mwabwerera ntchito yokha basi?"

Kumbuyo kwawo wina anakoka mpando.

Aphunzitsiwo anazimitsa tochi. Sanacheuke, poopa kuti mwina apeza palibe aliyense.