Galu Wamkuwa wa 1934

"Zoyatsira fodya makumi asanu ndi limodzi m'nyumba muno, koma kandulo imodzi ya pa keke ya tsiku langa lobadwa yasowa moto," anatero Lavonne. "Ndinakwatiwadi pabwino."

Merle, mwamuna wake, anayang'ana pa mashelefu. Zonse zinali zamagetsi, zakalekale, ndipo anzake osonkhanitsa zinthu zakale mumzinda wa Dayton ankadziwa lamulo lake: osalumikiza ku magetsi, chifukwa kawaya kake kakapsa, mtengo wathera pomwepo. Machesi munalibe, poti iye sankasuta n'komwe.

"Zisiyeni, bambo," anapitiriza Lavonne. "Ndidikira chaka chamawa. Mwina adokotala analakwitsa ponena kuti sindidzafikako."

Merle anapemphera chamumtima. Anatsitsa chimene ankachinyadira kwambiri, chooneka ngati galu wamkuwa, cha 1934, chisanayatsidwepo chipangidwire. Anachilumikiza. Kawaya katafiira, anagunditsapo kapepala n'kuyatsa kandulo. Kenaka kunamveka kuti phu! Galu uja anafuka utsi, firiji inazima, wailesi inangoti zii.

"Zaka makumi anayi ndikudikira kuti mundiyatsire kenakake," anatero Lavonne, "lero mwazimitsa nyumba yonse."

Koma Lavonne kandulo ija sanaizimitse. Anangoiyang'ana ikuyaka mpaka inasungunukira pa keke.