Banga Lakuda Pansi pa Njinga ya Mordecai

Panali bambo wina ku Shikabeta, m'dera la Rufunsa, dzina lake Mordecai. Izi akuti zinachitika mu 1996, ndipo amene anandiuza ankakhala m'mudzi momwemo. Mordecai anali ndi njinga yamoto, yokhayo m'mudzi monse, ndipo inamukulitsa mtima moti malangizo ankangolowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Mkazi wake, Jessy, anali woyembekezera. Mwana woyamba anabadwa movutikira kwambiri, choncho anamwino anamuuza kuti Julaye akangoyamba apite akadikirire kuchipatala cha mishoni. Mordecai anakana. Anati zodikirira n'za anthu oyenda wapansi, iye tsikulo likadzafika adzangoliza njinga basi. Jessy anachita mantha, koma anangoti chabwino.

Pofuna kuti njingayo idzakhale bwino pa tsikulo, anaganiza zoisunga nyengo yonse yozizira. Kumayambiriro kwa Juni anaisintha oilo yekha. Pomasula bawuti ya pansi pa injini, kawashala kake kotchinga kuti oilo asadonthe kanagwera mumchenga n'kusowa. Iye, kuchenjera kwakeko, anadula kachidutswa ka chubu chakale, n'kuboola pakati, n'kumangirapo bawutiyo. Kenako analowetsa njinga m'kachipinda kosungiramo mtedza n'kuifunditsa masaka.

Patatha mlungu kunabwera Festus, mnzake wokonza njinga ku Chinyunyu, kudzaona abale. Atasuzumira m'kachipindamo anaona banga lakuda pansi.

"Ba Mordecai, iyi njinga itaya oilo," anatero Festus.

"Ni mame chabe ayo," anayankha Mordecai. "Na mphepo iyi oilo ilimba, ingachoke bwanji?"

Festus anamuuza kuti apukute injini yonse, ayale katoni pansi pake, mawa lake aone pamene dontho lagwera. Likakhala cham'mbali ndiye kuti ndi gasiketi yomata polumikizira injini, likakhala pansi penipeni ndiye kuti ndi bawuti. Anawonjezera kuti m'nyengo yozizira mphira imauma n'kukhwinyata, ndiponso kuti mlungu uliwonse azitulutsa kamtengo koyezera oilo n'kuona pamene wafika. Za chubu zija Mordecai sanaulule. Anangoseka n'kunena kuti amakaniko matenda amawaona ngakhale pa chitsulo chogona.

Masiku omwewo kunafika apongozi ake, mayi Eneless, kudzasamalira mwana wawo. Mayiwa anali aukhondo wonyanya. Ataona banga lija anati n'zochititsa manyazi, alendo anganene kuti Jessy ndi mve. Anathirapo phulusa, n'kusesa, n'kuzira ndi dothi. Banga likabweranso, ankaziranso. Kumuuza Mordecai maso ndi maso sakanatha, poti kwawoko mpongozi ndi mkamwini salankhulana mwachisawawa, ngakhale panjira amapatukirana. Anangonong'oneza mwana wawo kuti chinjingacho chikudetsa pansi masiku onse.

Jessy mtima unamuthawa. Anapempha mwamuna wake kuti akayang'ane bwinobwino. Mordecai anakaima pakhomo pa kachipindako, n'kuona pansi posalala, pozira bwino.

"Waona? Palibe chilichonse. Ba Festus afuna chabe nchito."

Masaka sanavundukule, kamtengo kaja sanatulutse. Jessy chakudya chinayamba kumukanika, ndipo nthawi zonse akadutsa pakachipindako ankamva fungo la oilo. Anapemphanso kuti apite kukadikirira kuchipatala, koma anauzidwa kuti asiye kulosera zoipa. Zinapitirira choncho milungu isanu.

Tsiku lina m'mawa, chisanu chili tsetsetse, matenda a uchembere anamuyamba Jessy. Mordecai anatulutsa njinga, kuponda kawiri, inalira. Anayang'ana anthu monyadira. Jessy anakwera kumbuyo atamangirira chitenje m'chiuno mwa mwamuna wake kuti angagwe, ulendo unayambika.

Atangokwera chitunda choyamba, injini inayamba kulira ngati akugogoda zitsulo. Kunamveka fungo la kupserera. Jessy anamupempha kuti aime aone, koma iye anawonjezera moto poganiza kuti akangofika pamsewu waukulu zonse zikhala bwino. Pakati pa chitunda chachiwiri njinga inangoti zii. Anayesa kuponda, chopondera chinali chitauma gwa. Apa m'pamene anatulutsa kamtengo kaja. Kanali kouma.

Panalibe nyumba pafupi. Kumsewu waukulu kunali kudakali kutali, kumudzi nakonso kunali kutali. Jessy anakhala pansi m'mbali mwa njira akubuula.

"Osanisiya neka," anatero.

Koma panalibe kuchitira mwina. Mordecai anamusiya, n'kuthamanga kukafuna anthu. Pamene ankabwerera ndi amayi atatu a m'mudzi wina dzuwa linali pamutu, ndipo Jessy anali atasiya kubuula, akungopuma movutikira. Amayiwo anamutchinga ndi zitenje, n'kuuza Mordecai kuti akaime patali. Anaima pamenepo nthawi yaitali akutchera khutu kuti amve kulira kwa khanda. Sanakumve.

Jessy anapulumuka chifukwa cha lole ya thonje imene inadutsa madzulo n'kumutengera kuchipatala. Mwana uja, malinga ndi mwambo, anakaikidwa ndi amayi okhaokha, popanda kulira maliro. Mordecai anangouzidwa kuti anali wamwamuna. Nkhope yake sanaione, ndipo pamene anagona sakupadziwa mpaka lero.

Phunziro: Chinthu chimene mukudalira pa tsiku la mavuto, chiyeseni lero, musangochiyang'anira pakhomo. Wodziwa ntchito akakuchenjezani mverani, anamwino akati kadikirireni pitani. Ndipo inu amene mwaona chadontha, musazire, nenani, ngakhale mwini wake ndi mkamwini. Musaisunge nkhaniyi, fotokozerani anzanu, makamaka aja amati iwo amadziwa zonse.