Botolo la Mkaka la Bambo Kachingwe

Nkhaniyi anandiuza ndi Sangwani, mkulu wina wosamalira okalamba ku Coventry, tsiku lomwe tinakhala mpando umodzi m'sitima yopita ku Birmingham. Akuti zinachitikira mkazi wa mnzake wa kutchalitchi.

Bambo Kachingwe anakankhira kapu ya tiyi pakati pa tebulo, asanamwe ngakhale theka. Doreen, mpongozi wawo, namwino pachipatala chachikulu cha ku Edgbaston, anadziwa kuti zavuta. Mkuluyu anali atabwera kuchokera ku Dedza kudzacheza kwa mwana wake Ronald ku Selly Oak, ndipo za ku Mangalande zonse anazipirira: kuzizira, masitepe, adzukulu oyankha m'Chingerezi. Koma mkaka wa m'chigubu chapulasitiki, ayi.

Sanamuuze Doreen pamaso, poti kwathu mpongozi sumulalatira. Anauza Ronald, mokweza ndithu kuti a kukhitchini amve, kuti tiyiyo akumveka ngati madzi otungira m'chigubu cha mafuta ophikira. Mkaka, iwo anatero, umatengera chimene wausungiramo. Wa m'katoni umanunkha katoni, wa m'pulasitiki umanunkha pulasitiki. Galasi lokha ndi limene silisiya fungo.

Doreen akanangoseka n'kuzisiya. Koma bambowo popanda tiyi sankadya buledi, ndipo popanda buledi sankamwa mankhwala a BP. Kenako alamu ake a Doreen a ku Lilongwe anayamba kufunsa pa WhatsApp ngati adadi akudya bwino kumeneko, poti pafoni akuoneka ogwa masaya. Funso lotere Doreen ankalidziwa kumene limathera. Likazungulira achibale onse, iye adzakhala mkazi uja anaitana apongozi ku Ulaya n'kukawagoneka ndi njala.

Kukhomo loyandikana ndi lawo kunkakhala mayi Osborne, mzungu wamasiye, amene galimoto yogawa mkaka inkawasiyira botolo lagalasi pakhomo m'bandakucha uliwonse. Doreen anawapempha botolo limodzi lopanda kanthu, nati akufuna kuikamo maluwa. Zolembetsa kwa ogawa mkakawo sanafune n'komwe. Kwa iye mkaka unali mkaka, ng'ombe zake zomwezo, ndipo vuto la apongozi linali m'mutu.

Ndiye m'mawa uliwonse, nyumba isanadzuke, ankatulutsa chigubu chimene ankachibisa m'furiji kuseri kwa mapoto, n'kudzaza botolo lija. Ankadula kapepala ka foyilo, n'kukakanikiza pakamwa pa botolo ndi chala ngati chivundikiro, n'kukaliika panja pakhomo kuti lizizire ndi mame ngati labwera ndi galimoto.

Bambo Kachingwe ankakalitenga okha, atavala jekete ndi chipewa chaubweya. Ankachedwako pang'ono, chifukwa ankapatsana moni ndi mayi Osborne pa kampanda kofupika ka pakati pa makomo awiriwo. Ankalowa botolo atalivundukula kale, akulinunkhiza.

"Eya, uwu ndiye mkaka," anatero tsiku loyamba, akuyang'ana Doreen. "Amake Tiffany, mwandikumbukira. Mulungu akudalitseni."

Anamwa makapu awiri, buledi n'kutha, mankhwala n'kumeza. Pomatha mwezi masaya anabwerera. Mphamvu zinachita kuwachulukira, mpaka anakalima kadimba ka mayi Osborne n'kudzalamo mpiru, osalandira kalikonse. Ku Lilongwe mafunso anasanduka mayamiko.

Doreen anauza Ronald, atamulumbiritsa kaye. Anauzanso anamwino anzake pa nthawi yopuma, ndipo nkhani ya gogo wodziwa mkaka inatchuka pa wodi yonse. Lamlungu lililonse bambowo ankaphunzitsa alendo za ubwino wa galasi, atanyamula botolo m'mwamba ngati chikho cha mpira, Doreen akudziluma mlomo kukhitchini kuti asaseke. Mlendo wina atalawa anavomereza kuti inde, ukusiyana kwambiri. Apa Doreen anachita kuthawira kubafa.

Viza itatha, anawaperekeza ku bwalo la ndege. Asanalowe m'kati, bambowo anamugwira dzanja ndi manja awiri.

"Kudzuka kuja m'mawa uliwonse chifukwa cha ine, sindidzakuiwala, mama."

Doreen anamva kachisoni pang'ono, koma osati kwambiri. Atafika kunyumba anatsuka botolo n'kukalibweza kwa eni ake. Mayi Osborne analilandira, naliyang'ana mozondotsa, nati si limene anamubwereka lija. Lija linabwerera kwa ogawa mkaka kalekale.

Doreen sanamvetse.

"Mwana wanga, bambo aja ankasinthanitsa ndi langa m'mawa uliwonse pa kampanda apa," anatero mayiwo. "Ine chidwalire kovidi sindimva kukoma kwa chilichonse, ndiye wako wa m'chigubu uja ndinkamwa ndine. Anandipempha kuti ndisakuuze, akuti mpongozi sachititsidwa manyazi."

Sangwani anathera pomwepa, ndipo iye amakhulupirira kuti bambowo anangonunkhiza kamodzi pakhomo paja n'kudziwa. Ine kumene ndayenda ndamwa mkaka wa m'galasi, wa m'katoni, wa m'pulasitiki, ngakhale wa m'chipanda, ndipo ukalowa mu tiyi mphuno yanga siisiyanitsa. Ndinamufunsa ngati windo la chipinda cha bambowo silinali pamwamba penipeni pa khomo lija. Anati sakudziwa. Za mphunozo ine ndikukayika. Ndikuganiza kuti Bambo Kachingwe anangosuzumira pawindo.