Mzere wa Achimwene

"Mzere umenewo ufufuteni," anatero bwana kwa mayi wosamalira makompyuta mu ofesimo. "Umamveka pa shelo yakale yokha, pulogalamu yomasulira malamulo ija. Makina atsopanowa sakumanga nawo kenelo, mtima wa mapulogalamu onse."

Mayiyo anayang'ana sikiripitiyo, mndandanda wa malamulo omangira kenelo. Sikiripitiyo anailemba malemu achimwene ake, ndipo ikakanika, mzerewo unkatulutsa mawu awo pa sikirini: "Iwe, shelo iyi sindikuidziwa. Tandiimbira."

Bwana atatuluka, mayiyo anatenga foni n'kuimba nambala yakale ya achimwene ake. Inaitana.

"Halo?" Anali mawu a bambo wachilendo, kumbuyo kukulira mwana. "Mukufuna ndani?"

"Pepani, ndalakwitsa."

Anapukuta manja pa siketi, n'kufufuta mzerewo. Analemba wina woti uziyenda pa makina alionse.

Kenelo inamangika mpaka kumapeto, bwinobwino. Mu ofesi munangotsala phokoso la fani.