Tesiti Yomwe Inalengeza Maliro a Anthu Amoyo

Panali munthu wina wolemba mapulogalamu a kompyuta, wodzimva koopsa moti anzake ankangomutchula kuti Sindiuzidwa. Kampani yawo inkapangira chipatala china pulogalamu yotumiza mameseji kwa achibale a odwala, ndipo iye anapatsidwa gawo lodziwitsa za imfa.

Mayi amene ankatsogolera gulu lawo anamuchenjeza kuti poyesa gawolo asalilumikize ku makina enieni otumiza mameseji. Anati aike moki, kachidole koima m'malo mwa makinawo, kongolandira meseji n'kunena kuti yapita koma osaitumiza kulikonse.

"Achimwene, nambala za foni zili m'kompyutamo ndi za anthu enieni," anatero mayiwo.

"Amayi, zidole n'za ana. Ine ndimayesa ndi zenizeni," anayankha osacheuka n'komwe.

Ine ndikafika apa mtima umandiwira. Moki imeneyo inali ntchito yolemba mizere khumi basi ya pulogalamu, koma mkuluyu anati n'kutaya nthawi. Lachiwiri m'mawa anadina batani, tesiti yoyesera gawo lakelo inadutsa bwinobwino, iye n'kupita kukamwa tiyi akuimba mluzu. Ankaganiza kuti meseji ipita pafoni yake yokha. Inapita kwa achibale a odwala makumi anayi: "Pepani, m'bale wanu watisiya."

Posakhalitsa pageti pa chipatala panadzaza anthu akulira, anamwino ali pikitipikiti kuwalowetsa kuti akaone okha odwala awo ali moyo. Koma meseji ina inafikira mayi wosoka zovala, wodwala matenda othamanga magazi, amene mwamuna wake anagonekedwa chifukwa chothyoka mwendo chabe. Atawerenga anagwera pa mashini ake, ndipo sanadzukenso.

Sindiuzidwa atafunsidwa anati wolakwa ndi amene anasiya nambalazo m'kompyuta. Munthu wopanda manyazi! Abwana ake anamukokera kuwodi kuti akapepese yekha. Anayamba kufotokoza kuti kunali kuyesa chabe, koma bambo wothyoka mwendoyo anamudula pakamwa.

"Ndamva, bambo, munkangoyesa. Tsono poti kuyesako kwatha, mkazi wanga adzuka liti?"

Phunziro: Amati samva adamva nkhwangwa ili m'mutu, koma apa nkhwangwayo inagwera wosalakwa. Poyesa pulogalamu ikani moki, musayesere pa miyoyo ya anthu. Tumizirani anzanu onse olemba mapulogalamu, makamaka aja amati amadziwa kale.