Pulopela Yopalidwa

Woyeza wa mpikisano anaikanso pulopela ya kandege ka rimoti pa rula. Inaperewera mamilimita awiri.

"Mwaipala, alamu."

"Inabenthuka kunsonga, ndangoisalaza ndi sandipepa," anatero mwini kandegeko, manja akunjenjemera. Dokotala anali atamuuza kuti matenda a manjawo akukula, ndipo chaka chamawa sadzathanso kugwira rimoti. Kunatsala mphindi zisanu ndi ziwiri kuti mpikisano uyambe, ndipo pulopela ina analibe.

"Lamulo likuti iuluke monga inachokera m'sitolo. Yobenthuka imathyoka ikuzungulira."

"Lamulolo tinalemba awiriwiri, iwe! Mlongo wako ndikamuuza chiyani?"

Woyeza anayang'ana owonerera, amene anaima kuseri kwa chingwe, mamita khumi okha kuchokera ponyamukira. Kenako anathyola pulopelayo pabondo.

"Mukamuuze kuti ndine ndaithyola."